Ulendo wa Kunyanja: Nkhani ya Sitima Zimene Zinamira

Mtsinje wa Lilongwe umachokera ku mapiri a Dzalanyama, nudutsa pakati pa tauni ya Lilongwe, ndipo madzi ake amakafika m'Nyanja ya Malawi m'boma la Salima. Sabata ino tifuna kutsata madzi amenewa pamodzi ndi inu awerengi athu, chifukwa kunyanjako kuli nkhani imene imakopa anyamata ena, ndiyo ya chuma cha m'sitima zimene zinamira kalekale.

Tiyambire mu Lilongwe momwemo. Ku Old Town ndiko kuli msika waukulu ndi depoti ya mabasi. Kumeneko mudzapeza usipa, utaka ndi chambo zochokera kunyanja, ndiponso anthu ogula zitsulo zakale. Pamalo otere sipasowa mphekesera. Wina amati pansi pa nyanja pali mabokosi a ndalama za Ajeremani, wina amati belu la sitima lingalemeretse mudzi wonse. Mukapita kumpoto mufika ku City Centre ndi ku Capital Hill, kumene kuli maofesi a Boma, pakuti likulu la dziko linachoka ku Zomba kudza kuno mu 1975. Kwinako kuli nyumba zikuluzikulu za m'mipanda, monga ku Area 3, Area 10 ndi Area 43. Ena mwa eni ake, ntchito ikatha Lachisanu, amakwera galimoto kupita kunyanja kukasambira ndi kumira pansi pa madzi mongosangalala, atabereka mabotolo a mpweya kumsana.

Kuchokera ku Lilongwe kukafika ku Salima pali mtunda wa mailosi ngati 60. Msewu umatsika phiri, ndipo mukayamba kuona milambe ndi kumva kutentha, dziwani kuti nyanja yayandikira. Mukakhotera kumwera mupyola Chipoka ndi Golomoti, nimufika ku Monkey Bay kumene amakonzera sitima, kenaka ku Mangochi, kumene kale ankati Fort Johnston.

Munthu wofuna kudziwa mbiri ya sitima aime pa Mangochi. Pafupi ndi mlatho wa pa Shire pali nsanja ya wotchi yokumbukira Mfumukazi Victoria, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu imene inali m'sitima ya nkhondo yotchedwa Guendolen. Mu August 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itangoyamba, Captain Rhoades anapita ndi sitimayi ku Sphinxhaven, kumene lero amati Liuli, kutsidya la Tanzania. Anapeza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, ili pamtunda akuikonza, naiombera kuti isayendenso. Onani tsono, sitima ya Ajeremaniyo siinamire ndi chuma ayi. Inaonongekera pagombe, ndipo pambuyo pake Angerezi anaikonza naigwiritsa ntchito.

Sitima yoyamba yoyendera moto inalowa m'nyanjayi mu October 1875. Dzina lake linali Ilala, ndipo inabwera ndi amishoni a Livingstonia, pamodzi ndi Dr Robert Laws. Ilala imene inayamba ntchito mu 1951 ndi ina, inangotenga dzina. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira bwato lake litagubuduzika ndi mphepo, ndipo manda ake ali ku Nkhotakota. Sitima imene anaitcha dzina lake inalowa m'madzi mu 1901.

Koma ngozi imene nyanja yathu siidzaiwalika nayo ndi ya Vipya. Sitimayi inali yatsopano ndithu. Pa 30 July 1946, nyengo ya mwera, inanyamuka ku Mbamba Bay kuoloka nyanja, ndipo mafunde anaigubuduza pafupi ndi Chitimba, pamene Azungu ankati Florence Bay. Anthu 145 anafa tsiku limenelo. Chikumbutso chao chili pa Mangochi pomwepo, ndipo m'nyumba yosungiramo zakale ya Lake Malawi Museum mukhoza kumva mbiri yonse. Sitimayo siinavuulidwe. Abale, malo amene pagona Vipya ndi manda a anthu. Kodi pamudzi panu mungalole mlendo kufukula manda a agogo anu kuti apeze mkanda?

Tsopano tinene za kumira kwenikweniko. Asodzi athu amadziwa kumira atagwira mpweya kuti akonjole ukonde umene wakodwa pamwala, ndipo ku Senga Bay kwakhala anthu odziwa kugwira mbuna zamoyo pansi pa madzi. Koma kupita kwakuya ndi nkhani ina. Pa mapazi 33 alionse amene munthu atsika, madzi amaonjezera kumpanikiza ndi mphamvu yofanana ndi ya mpweya wonse wa kumwambaku. Munthu wopumira m'botolo akakhalitsa pansi, mpweya wina umalowerera m'magazi mwake. Akakwera mofulumira, mpweyawo umachita thovu monga botolo la zakumwa mukalitsekula msanga. Pamenepo mfundo za thupi zimapweteka koopsa, miyendo ikhoza kufa, ngakhale munthuyo kumwalira kumene. Nchifukwa chake omira ophunzitsidwa amakwera pang'onopang'ono, samira munthu mmodzi yekha, ndipo omira mongosangalala sapyola mapazi 130. Nyanja yathu kumpoto kuya kwake kumafika mapazi 2,300. M'kati mwa sitima yomira muli mdima, matope ndi zitsulo zakuthwa, ndipo munthu akhoza kusokera osaonanso khomo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Wofuna kumira ayambe waphunzira kwa aphunzitsi ake, amene amapezeka ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay.

Chinanso chimene ambiri sadziwa ndi ichi: chinthu chimene chagona m'madzi zaka zambiri sichichedwa kuonongeka mukachitulutsa. Thabwa likauma limang'aluka ndi kupindika, chitsulo chimachita dzimbiri nichifumbutuka. Ku Sweden kunali sitima ya nkhondo yotchedwa Vasa, imene inamira pa Stockholm mu 1628, ndipo anaivuula mu 1961. Akatswiri anakhala zaka 17 akuithira mankhwala kuti matabwa ake asang'aluke. Lero ili m'nyumba yakeyake, ndipo alendo ochokera m'maiko ambiri amalipira ndalama kuti aione. Akadaigamula ndi kugulitsa misomali yake pasikelo, bwenzi ndalamazo zitatha chaka chomwecho.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikubwerera ku Lilongwe, kumene kuli akuluakulu a Boma oyang'anira zinthu zakale. Mu 1990 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Monuments and Relics Act. Lamuloli limateteza zinthu zakale za dziko lino, ndipo munthu saloledwa kuzifukula, kuziononga kapena kuzitulutsa kunja kwa dziko popanda chilolezo. Ndiponso mbali ina ya nyanja ku Cape Maclear ndi malo otetezedwa a Lake Malawi National Park chiyambire 1980. Omira aulemu amangoyang'ana ndi kujambula zithunzi, nabwerako manja ali chabe.

Tsono inu a kumudzi, ukonde wanu ukakola nangula, belu, mbale kapena chitsulo chachilendo, kapena khasu lanu likagunda chinthu chakale m'munda, chitani motere. Zindikirani bwino malowo, poyang'ana phiri, mtengo kapena mwala umene uli pafupi. Ngati chinthucho chatuluka kale m'madzi, chisungeni m'madzi momwemo, osachipala kapena kuchiyanika padzuwa. Kauzeni a mfumu, ndipo iwo akauze a DC, amene adzadziwitsa a ku Lilongwe. Munthu wobwera usiku ndi kukulonjezani ndalama zambiri, kapena kukuuzani kuti muyambe mwapereka mbuzi kuti akusonyezeni pamene pali chuma, mkanireni. Makamaka makolo, musalole mnyamata wanu kusiya khasu nyengo ya dzinja ndi kupita kukamira kwakuya chifukwa cha mphekesera za pamsika.