Masamu a mlongo wanga ndi khoka la bambo

Ndabweranso ndi zolemba zanga zazitali zija. Amene bandulo yakutherani muwerenge mawa, nkhaniyi siwola ngati matemba.

Mwezi wathawu mlongo wanga wamng'ono anatulukira usiku kuchokera ku Blantyre, osatiimbira n'komwe. Anatsika minibasi pa Migowi, n'kukwera njinga yamoto mpaka kwathu kuno kufupi ndi Swang'oma. Mayi atangoona katundu anadziwiratu kuti kulibe mtendere, chifukwa mwana wobwera ku holide sanyamula ndowa ndi mbaula yomwe. Nsima sanadye. Kutacha ananditsata pamene ndimakonzera mainjini, pansi pa mtengo paja mukupadziwa, anakhala pa chigubu cha mafuta n'kunena kuti, "Achimwene, ine sukulu yandikanika. Koma bambo musawauze kaye."

Ambiri mukudziwa kuti mwanayu ndiye woyamba kubanja kwathu kulowa yunivesite. Akuphunzira zamalonda. Ife tonse tinkaganiza kuti zamalonda ndi kuwerengera ndalama basi, kuphatikiza ndi kuchotsera, zimene iye ankazichita ali mtulo. Koma chaka choyamba chomwe kuli phunziro la masamu lotchedwa calculus. Amene akuchita za bizinesi ku MUBAS, ija tinkaitcha Poly, kapena za chuma ku yunivesite ya ku Zomba, ija tinkaitcha Chancellor College, amakumana nawo masamu amenewa. Mlongo wanga maphunziro ena onse anakhoza. Calculus yokha anaperewera. Anamupatsa mwayi wolembanso, ija amati sapu, ndipo akalepheranso pamenepo nkhani imayamba kununkha kuwidiwa. Iye anaona kuti bola kuthawa yekha kusiyana ndi kuthamangitsidwa.

Ndinamuyankha moipa, ndisakunamizeni. Ndinati, "Ndiye injini ija inapita ulere?"

Pajatu kuti mwanayu apite ku Blantyre, bambo anagulitsa Yamaha 15 yawo. Injini imeneyo ndi imene ndinaphunzirirapo ntchito yanga. Ndinaimasula ndi kuimanga kambirimbiri moti ndikanaizindikira ndi kulira kwake kokha ili kuseri kwa mabango. Ndalama ya injiniyo tinkati ikwana zaka ziwiri za lendi ndi chakudya, koma mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, zinthu zonse n'kukwera, ndalama ija n'kusungunuka ngati mchere m'madzi. Lero bambo, pa msinkhu wawo, abwerera kumakankha boti ndi nsungwi. Ndiye mawu anandituluka aja anali a injini, komanso anali a ine mwini. Ine pa MSCE masamu ndinakhoza bwino kuposa iye. Chingerezi ndi chimene chinandigwetsa, mapointi n'kukwera, dzina langa osatuluka. Zaka zonsezi ndimati zinandichoka mumtima. Tsiku limenelo ndinaona kuti ayi, zinangobisala.

Sanalire. Anangotsegula chikwama n'kundiponyera pepala la mayeso pamiyendo. "Poti inu ndinu shasha, chitani."

Ndinapukuta girisi m'manja n'kuyang'ana. Anzanga, ndinaona mdima. Zilembo zokhotakhota, ka d pamwamba ka d pansi, china chooneka ngati mbedza yoimirira. Manyazi anandigwira, ndiye m'malo mobweza pepala ndinaloza funso limodzi limene linkaonekako ngati la anthu, n'kumuuza kuti andimasulire m'Chichewa.

Anati pali kampani imene ikupanga katundu, kuchuluka kwake ndi x. Ndalama imene ikulowa ndi 12x kuchotsapo x kuchulukitsa ndi x. Ndalama imene ikutuluka ndi 4x. Funso ndi lakuti ipange katundu wochuluka bwanji kuti phindu lifike pamwamba penipeni.

Ndinati dikira. Bwanji osangopanga wambiri? Iye anati chifukwa ukamachulukitsa, chilichonse chowonjezeracho chimabweretsa zochepa kuposa chinzake chapitacho. Apo m'pamene mutu wanga unatseguka, chifukwa limenelo si funso la kampani. Limenelo ndi khoka la matemba.

Ndinatenga sipanala n'kuyamba kulemba pamchenga. Ndinati x akhale maulendo amene taponya khoka pamalo amodzi, ndipo tiwerengere mu ndowa za nsomba. Ukaika 1 mu masamu ake aja, upeza ndowa 11. Ukaika 2, zonse pamodzi ndi 20. Kenako 27, kenako 32, kenako 35, kenako 36. Tsono yang'anani chimene ulendo uliwonse ukuwonjezera paokha: woyamba 11, wachiwiri 9, wachitatu 7, wachinayi 5, wachisanu 3, wachisanu n'chimodzi ndowa imodzi yokha. Ndani wa inu sanazionepo zimenezi? Nsomba zimachepa pamalo, zina zabalalika, alovi manja alema. Koma ulendo uliwonse ukudya zofanana, ndowa 4, ndiye kuti gawo la anyamata, ufa, kung'ambika kwa ukonde. Ulendo wachinayi ukubweretsa 5 n'kudya 4, ulipobe ndi kaphindu. Wachisanu ukubweretsa 3 n'kudya 4. Pamenepo boti likuoneka lodzaza kuposa kale, anthu padoko akukuyamikira, koma iwe wayamba kudzibera wekha. Ndinati yankho ndi 4, ndipo phindu ndi ndowa 16.

Mlongo wanga anandilanda sipanala. Analemba mzere umodzi wokha: 8 kuchotsa 2x zikhale ziro. Ndiye x ndi 4. Zimene ine ndinadzaza nazo mchenga wonse, iye anazitha ngati akusaina dzina.

Ndinamufunsa kuti mzere umenewo wautenga kuti. Anati phindu ndi 8x kuchotsa x kuchulukitsa ndi x, ndiye wapeza derivative yake. Ndinati derivative n'chiyani? Anati umatsitsa kanambala kapamwamba kaja kubwera kutsogolo, n'kuchotsapo kamodzi. Ndinati ayi, sindikufunsa mmene umachitira, ndikufunsa kuti n'chiyani. Anangokhala chete. Miyezi inayi yonse wakhala akuloweza malamulo ngati katekisimu, m'kalasi ya anthu ochuluka moti wakumbuyo saona pabolodi, ndipo akuopa kufunsa poti anzake ena anachokera kusukulu zimene ankaphunzira Additional Mathematics, pamene kwathu kuno dzina lakelo tinkangolimva. Funso likabwera mmene analilowezera, amakhoza. Akalitembenuza pang'ono n'kuliveka nkhani, basi wasokera.

Derivative ija, mmene ndaimvera ine, ndi yankho la funso lakuti: ndikawonjezera pang'ono apa, uko kusintha bwanji? Si kuchuluka kwa nsomba zimene zili m'boti, koma zimene ulendo wotsatira ubweretse. Ndipo ine ndimagwira ntchito imeneyi tsiku lililonse osadziwa kuti ili ndi dzina. Mwini boti akabwera kudandaula kuti injini ikumwa mafuta, kawirikawiri injini ilibe mlandu. Vuto ndi dzanja la woyendetsa. Boti lathabwa lodzaza matumba lili ndi liwiro lake limene limalola. Ukapotokola kufika chapakati, limathamanga bwino. Ukapotokola mpaka kumapeto, injini imakuwa, kumbuyo kumatitimira, mafunde amakula, mafuta akupita ngati watsegula mpopi, koma liwiro langowonjezekera pang'ono. Anyamata a masiku ano mumakonda phokoso, ndikudziwa, koma petulo womalizayo mumagulira phokoso lokhalo.

Tinakhala pamchenga paja mpaka dzuwa kufika pamutu. Kasitomala wina amene ndinamulonjeza kabuleta anabwera kawiri n'kubwerera akung'ung'udza.

Tsono musaganize kuti zonse zinasanduka nsomba. Masiku otsatira tinafika pa zinthu zina zimene ine ndinangokhala ngati mbuzi yomvera wailesi. Kuli ma logarithm, kuli ka chilembo e kamene akuti ndi nambala, 2.718 n'kumapitirira osatha. Kuli integration, chimbedza choimirira chija, imene ndi kuphatikiza tizidutswa ting'onoting'ono kuti upeze chonse, ngati kudziwa mafuta onse amene wawotcha paulendo pamene liwiro linali kusinthasintha. Tanthauzo ndinalimva, koma kachitidwe kake kanandikana. Zimenezo palibe kuchitira mwina, n'zofuna kukhala pansi ndi kusova mafunso ambirimbiri mpaka dzanja lizolowere, ngati mmene ndinaphunzirira kutchuna injini. Iye ankasova, ine ntchito yanga inali imodzi: akamaliza, andiuze m'Chichewa kuti yankholo likunena chiyani. Akalephera kundiuza, abwerezenso. Anandiuzanso kuti masamu amenewa anawatulukira anthu awiri payekhapayekha zaka za m'ma 1600, Isaac Newton ku England ndi Gottfried Leibniz ku Germany, ndipo anakangana koopsa kuti anayamba ndani. Ka d kaja ndi ka Leibniz, anakasindikiza mu 1684. Ndinaseka kuti kani ngakhale anthu ophunzira amalimbirana malo oponya khoka.

Pali mutu umodzi umene unatipweteka tonse awiri, wa chiwongoladzanja chimene chimaberekanso chinzake. Ndinali nditamva mphekesera kuti bambo akufuna kutenga katapila kuti agule injini ina yakale, poti nsungwi yawatopetsa. Wobwereketsayo, dzina ndisamutchule, amafuna theka pamwamba mwezi uliwonse, ndipo ukalephera, chiwongoladzanjacho chimalowa mu ngongole. Tinawerengera. K100,000 pakutha pa mwezi ndi K150,000. Mwezi wachiwiri K225,000. Wachitatu K337,500. Ndiye ganizirani kuti watenga ngongoleyo kutatsala pang'ono kuti nyanja itsekedwe nthawi ya dzinja, makoka ali pamtunda miyezi yathunthu. Nsomba zimakula pang'onopang'ono, koma katapila amathamanga, ndipo akamakula m'pamene amathamangiranso. Ena mwa inu mabwato anu anapita njira imeneyi, mukudziwa bwino kuposa ine.

Ndi nkhani ya katapilayi imene inatikakamiza kupita kwa bambo. Sitikanawaonetsa masamu popanda kuwauza chimene mwana wawo akuchita pakhomo pakati pa temu. Tinawapeza madzulo akusoka ukonde pakhonde. Mlongo wanga anagwada n'kufotokoza zonse, mawu akunjenjemera. Bambo sanadzutse mutu. Anati, "Ndinadziwa tsiku lomwe unabwera. Ndimadikira kuti ndione ngati uli ndi pakamwa."

Kenako anafunsa kuti masamu ovutawo ndi otani. Ine ndinayamba kufotokoza za khoka, ndikudzimva ngati mphunzitsi. Anandidula. Anati zimenezo ngakhale mwana amadziwa. Ndiye anatikumbutsa za kamtengo kawo.

Amene munakulira kuno mukukumbukira 2018, pamene Chilwa inaphwa mpaka anthu kumayenda pansi pamene tinkaponya makoka, mabwato atagona pamatope ong'ambika. Bambo anaionanso mu 1995, ndipo agogo ankasimba za 1968. Nyanja yathuyi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Amalowa kudzera mu Phalombe, Sombani, Likangala, Domasi ndi ina, koma kutuluka kwake ndi dzuwa basi, ndipo poti ndi yosazama, mvula ikavuta zaka ziwiri zotsatizana imathawa. Chaka chimenecho bambo anazika kamtengo m'madzi n'kumadula kachizindikiro Loweruka lililonse. Anthu ankawaseka kuti madzi akadalipo ambiri. Iwo ankati sakuyang'ana kuchuluka kwa madzi, akuyang'ana mpata wa pakati pa zizindikiro. Sabata ino chala chimodzi, sabata yamawa chala ndi theka, inayo zala ziwiri. Kutsika kokha sikunawaopse, chaka chilichonse nyanja imatsika m'chilimwe. Chinawaopsa n'chakuti kutsikako kunali kukulirakulira, nthawi yake isanakwane. Anagulitsa khoka limodzi mitengo isanagwe, n'kubwereka munda wa nandolo kumtunda. Chaka chimenecho kwathu sitinagone ndi njala.

Mlongo wanga anayang'ana ine, ine n'kuyang'ana iye. Anati, "Bambo, imeneyo ndi second derivative." Bambo anati kaya, iwo amangoti kamtengo. Anamufunsa kuti mayeso obwerezawo ndi liti, iye n'kutchula tsiku. Anati, "Ndiye mbaula ija ubwerere nayo. Ine sindinagulitse injini kuti udzandithandize kusoka ukonde." Za katapila anangoti amva. Mpaka lero sanapiteko, koma sanalonjezenso kanthu, ndipo inu mukuwadziwa bambo anga.

Tinakhala masabata awiri tikusova usiku ndi tochi ya foni. Lolemba lapitali ndinamuperekeza pa Migowi m'bandakucha, Michesi asanaoneke bwino. Ndalama ya minibasi inachokera pa kabuleta ya kasitomala wong'ung'udza uja. Walemba Lachinayi. Ndinamuimbira madzulo ake, anati mafunso anayi anawamva bwino, limodzi la integration analisiya theka, nthawi inamuthera. Zotsatira sizinatuluke. Mayi foni ikangolira amasiya mthiko.

Anandisiyira mapepala ake akale, ndawasunga m'bokosi la masipanala, ena adetsedwa kale ndi girisi. Ndafika pa mutu wa elasticity, umene ukufotokoza chifukwa chake tsiku limene tonse tapha matemba ambiri ndi limene ogula a ku Limbe amatigula motchipa, moti nthawi zina ndowa khumi zimabweretsa ndalama yochepa kuposa ndowa zisanu ndi ziwiri za dzulo. Ndakakamira pa funso lachitatu. Ngati pagulu pano pali wina wa ku Poly kapena ku Chanco amene anadutsa pamenepo, andipeze ku inbox, ndidzamukonzera injini ya malume ake mwaulere. Koma ma plug agule yekha.