Tulo ta Achemwali Anga

Kwathu munthu wogona dzuwa lili paliwombo timamutcha mlesi, ndipo wokhala maso pakati pa usiku timamunong'onezera za ufiti. Mayina awiriwa tinawanyamula m'zikwama zathu mpaka kuno ku Johannesburg, kumene ambirife tinabwera kudzagulitsa mphamvu za thupi. Mlonda wa ku Sandton akagona masana timamumvetsa, pakuti tulo taketo tili ndi malipiro amene amafika kumudzi. Koma alipo ena amene usana ndi usiku zinawatembenukira kaamba ka matenda, ndipo achemwali anga ndi mmodzi wa iwo.

Iwo anadwala Covid-19 m'nyengo yozizira ya 2021, tikukhala ku Rosettenville. Chifuwa chinatha, koma mphamvu sizinabwerere. Mayi amene ankachapa ndi kusita m'nyumba zitatu pa sabata anayamba kugwa pabedi masiku awiri akangosesa chipinda chimodzi. Kenako tulo tinayamba kusuntha. Poyamba tinkawapeza 1 koloko usiku, patapita miyezi 4 koloko m'bandakucha, mpaka tinafika pa nthawi imene ine ndimanyamuka kupita kuntchito. Akadzuka madzulo amanena kuti thupi likuwawa ngati sanagone n'komwe.

Matendawa ali ndi dzina: myalgic encephalomyelitis, ena amati chronic fatigue syndrome, ndipo kawirikawiri amayamba munthu akadwala nthenda ya kachilombo. Bungwe la World Health Organization linawaika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha mu 1969. M'dziko lino si achilendo, pakuti mu 1955 anagwira anamwino ambiri pachipatala cha Addington ku Durban, chaka chomwecho chimene anabuka pachipatala cha Royal Free ku London. Mu 2015 akatswiri a Institute of Medicine ku America anatchula tulo tosapumulitsa, komanso kudwalika pambuyo pa ntchito yochepa, mwa zizindikiro zake zikuluzikulu.

Thupi la munthu lili ndi wotchi yake. Kachigawo kakang'ono ka ubongo kamatsata kuwala kolowa m'maso, ndipo mdima ukagwa kamalamula kuti m'magazi mutuluke melatonin, chizindikiro chakuti nthawi yogona yakwana. Jeffrey Hall, Michael Rosbash ndi Michael Young analandira mphoto ya Nobel mu 2017 chifukwa chofotokoza mmene wotchi yotere imayendera m'maselo. Mwa odwala ena wotchiyi imachedwa, mwa ena imatembenukiratu, ndipo munthu sangaibweze ndi khama lokha.

Komatu khama ndilo aliyense amawalangiza. Abale akaimba foni kuchokera ku Ntcheu masana n'kupeza kuti ali mtulo, amafunsa ngati moyo wa m'tauni wawalowa. Anzathu ena amati adzikakamize kuyenda mtunda wautali tsiku ndi tsiku. Chonsecho mu 2021 bungwe la NICE, lolangiza madokotala ku England, linasiya kulimbikitsa chithandizo choonjezera masewero olimbitsa thupi pang'onopang'ono kwa odwalawa. M'malo mwake linati wodwala aphunzire malire a mphamvu zake ndipo asawapitirire.

Malire amenewa ndi okwera mtengo kwa munthu wa kuulendo. Lendi ya chipinda sidikira, ndipo ana awiri amene anawasiya kwa amayi akufuna fizi. Ine ndimagwira ntchito masana, iwo amasoka pang'ono ndi manja usiku thupi likalola, kenaka amapumula kusanafike kutopa. Makatani timawatsegula akangodzuka kuti aone kuwala kotsala, ndipo nsima imene ine ndimadya ngati mgonero kwa iwo ndi chakudya choyamba.

Tsiku lina anandiuza kuti, "Achimwene, ululu ndimaupirira. Chondipweteka n'chakuti anthu amandiona ngati wabodza." Kuyambira pamenepo, ndikafika kunyumba dzuwa litalowa ndimawapatsa moni wa m'mawa: "Mwadzuka bwanji, achemwali?" Iwo amayankha monga mmene alili tsikulo, ndipo ine ndimawakhulupirira.