Tinasonkhanitsa salaula tisanafunse

Mu March 2023 namondwe Freddy atagwa kum'mwera kwa Malawi, ife a pa wailesi yathu kuno ku Chadiza tinkangowerenga nkhani zake: matope otsika m'phiri la Soche akwirira nyumba ku Chilobwe, mu Blantyre, ndipo anthu mazanamazana afa. Tinkaona ngati ndi zakutali.

Kenaka tinamva kuti mkazi wa msilikali wina pano pa boma walandira amai ake ndi ana atatu a mng'ono wake ochokera komweko. Mwamuna wake anali ku Central African Republic, komwe asilikali a Zambia amasungitsa mtendere pansi pa United Nations. Nyumba ya zipinda ziwiri, pakamwa pawonjezeka panayi, wokambirana naye kulibe.

Tinalengeza pa wailesi, anthu n'kubweretsa zovala. Masaka awiri anadzaza. Tinawanyamula monyadira, wina atakonzeratu foni kuti ajambule za pa Facebook.

Ambuya aja anatilandira bwino. Anayang'ana masakawo, kenaka anati, “Zikomo ana anga. Koma pali amene ali ndi talktime? Mwana wanga sitinamupeze.”

Tinachita manyazi. Palibe mmodzi wa ife anali atafunsa chimene banjali likufuna. Foni yojambulira ija ndi imene inakhala yoimbira ku misasa ya anthu othawa madzi, tsiku ndi tsiku.

Titafotokozera akuluakulu kumudzi, sanadabwe. Iwo analandirapo anthu othawa nkhondo ya Renamo ndi Frelimo m'ma 1980, ambiri asanasamutsidwire ku Ukwimi. Mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992, ochuluka anabwerera kwawo. Agogo ena anatiuza kuti mlendo wotere umayamba wamupatsa madzi ndi mpando, n'kumusiya alankhule. Mawa lake umamuonetsa pa chitsime, ndipo akakhalitsa umamudulira kamunda. Zovala zimabwera pambuyo.

Ndiye tinasintha. Mmodzi anaperekeza anawo kwa ahedi kukapempha malo, popeza mabuku ndi mapepala awo onse zinapita ndi madzi. Wina ankapita ndi ambuya ku chipatala kukatenga mankhwala a BP. Asungwana awiri ankangopita kukakhala nawo madzulo, kusenda nshawa, kuti mkazi wa msilikali uja apumeko. Mwamuna wake akaimba, ankapeza mawu a anthu m'nyumba mwake.

Mayi wa ana aja sanapezeke mpaka lero. Wamkulu ali mu Grade 7 tsopano, ndipo Loweruka amabwera ku studio kudzaphunzira kugwira maikolofoni.

Anzathu a ku Chipata ndi ku Lusaka, mvula idzagwanso, ndipo wina adzafika pa komboni yanu ndi chola chimodzi. Musanatsegule wadiropu, pitani mukakhale naye pansi, mumufunse.