Kwa Achemwali, pa za Mphumu ya Mwana Wathu

Achemwali anga okondedwa,

Ndamva kuti akuchimuna akuti mphumu ya mwana wathuyu ndi ya kumtundu kwathu, ndipo inu mwayamba kudziimba mlandu. Zandiwawa kwambiri.

N'zoona, mphumu imayenda m'magazi. Mu 2007, akatswiri atafufuza ana a ku Britain ndi ku Germany, adapeza kuti malo ena pa kromozomu 17, pafupi ndi jini yotchedwa ORMDL3, amakhudzana ndi mphumu yoyamba paubwana. Koma majini oterewa alipo ambirimbiri, mwana amatengako kwa mayi ndi kwa bambo omwe, ndipo jini iliyonse payokha mphamvu yake ndi yochepa. Anthu ochuluka ali nawo koma sanabanikepo n'kamodzi komwe. Chidandigwira mtima n'chakuti ngozi ya pa kromozomu 17 imakula ngati khanda likupuma utsi wa fodya, kapena ngati kachilombo ka chimfine kotchedwa rhinovirus kalichititsa kulira m'chifuwa. Choncho alamu akafuna kusuta, azipita panja, kutali ndi mwana.

Chiyembekezo chilipo. Jini ya TSLP imapanga chinthu chimene chimautsa kutupa m'njira za mpweya, ndipo jakisoni wochitsekereza, tezepelumab, adavomerezedwa ku America mu 2021. Kungoti ndi wodula zedi, ndiponso ndi wa odwala modetsa nkhawa a zaka 12 kupita m'tsogolo.

Chondidandaulitsa n'chakuti ofufuzidwa ambiri ndi azungu. Mu 2006 ku Dundee adapeza kuti jini ya filaggrin ikalakwika, khungu limauma n'kumatuluka ziwengo, ena mpaka mphumu, koma zolakwika zimene adapezazo sizipezekapezeka mwa ife anthu akuda. Ndiye wina akadzati bweretsani ndalama tiyeze majini a mwana, musalole. Dokotala amadziwa mphumu pomva mbiri ya kubanikako, pomvetsera m'chifuwa, ndi pomuuzitsa mwana mpweya m'kachipangizo.

Chonde musaope mankhwala opopera m'kamwa aja, saononga mtima. Salbutamol ndi wa pamene wabanika. Beclometasone ndi wa tsiku ndi tsiku, ngakhale mwana akuthamanga bwinobwino, ndipo akatha kupopera azichukucha m'kamwa. Akamalephera kukoka mankhwalawo, funsani anamwino akuboolereni botolo lapulasitiki kunsi kwake kuti muzipoperamo, iye n'kumapumira kukamwa kwa botololo. Madokotala a ku Cape Town adaiyesa njirayi, ndipo imathandiza.

Mundipatsire moni alamu ndi ana onse.

Ndine mng'ono wanu.