Pa Lizulu ndiye pali kalendala ya ndiwo

Msewu wa M1 wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre ndi wotalika makilomita oposa 300, ndipo ambirife timaudutsa tili mtulo kapena maso ali pafoni. Ine ndimayendapo kangapo pachaka pokaona abale, ndipo ndidafika pomautenga ngati msika umodzi wautali umene katundu wake amasintha ndi nyengo. Mayi kapena bambo amene funso loti "kodi madzulo ano tidyera chiyani?" limamusowetsa mtendere, tsiku lina adzayende pamsewuwu maso ali panja. Adzafika kwawo ali ndi mayankho a mwezi wathunthu.

Mukangodutsa pa Nathenje, pa Kamphata ndi pa Chimbiya, galimoto imayamba kukwera pang'onopang'ono ndipo mphepo yolowa pawindo imasintha. Pofika pa Dedza, pamene phiri lake limapitirira mamita 2,000, ngakhale uja adanyamuka ndi malaya odula manja amayamba kufunafuna juzi. Kuzizira kumeneku ndiko chuma cha dera lino. Mbatata ya kachewere, kabichi, karoti, nsawawa, anyezi ndi nyemba zimakonda malo okwera ngati amenewa, ndipo ndiwo zambiri zimene timagula m'misika ya m'mizinda yathu ikuluikulu zimachokera kuno.

Kuchoka pa Dedza msewu umatsata malire a dziko lino ndi Mozambique. Pa Lizulu ndiye malirewo amasowa tanthauzo. Ukamalowera kummwera, kumanzere ndi ku Ntcheu, dera la Inkosi ya Makhosi Gomani, pomwe kumanja ndi boma la Angonia m'dziko la Mozambique. Anthu a mbali ziwirizi amalankhula chilankhulo chimodzi, amakwatirana, amaikana maliro. Matumba a kachewere amaoloka msewu panjinga zakapalasa, panjinga zamoto ndi pangolo, ndipo akafika mumphika palibe angakuuzeni kuti uyu adalimidwa ku Tsangano, uyu kutsidya.

Basi ikaima pa Lizulu, mawindo onse amada ndi malichero, mabeseni ndi ndowa. "Tomato apa bwana!" "Anti, kabichi wa lero uyu, ndikuikirani banyira!" Wina wakweza anyezi womanga m'mitolo, wina karoti wotsukatsuka, mnyamata wina akuthamanga ndi ndowa ya kachewere pamutu. Wapaulendo wosazolowera amangogula chimene chafika pafupi ndi mphuno yake. Koma mukatsika n'kuyenda pang'ono pakati pa milu ya katunduyo, mumaona kuti msikawu umauza munthu mwezi umene tili popanda kuyang'ana kalendala ya pakhoma.

Ndiyambe ndi dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi. Iyi ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitapepuka ndipo mtengo wa chimanga umakhala utakwera. Chodabwitsa n'chakuti ndi nthawi yomweyi pamene ndiwo zamasamba zimachuluka kuposa nyengo ina iliyonse: nkhwani, khwanya, chitambe, bonongwe, chisoso, luni ndi therere la mitundumitundu. Zina mwa izi palibe amadzala, zimangomera zokha m'mizere ya chimanga. Tomato ndiye amasowa ndi kukwera mtengo chifukwa mvula imamubweretsera matenda, choncho ino ndi nyengo yotendera. Nkhwani wanthete mumusadzule bwino, mumudule, mumuike m'madzi ochepa owira kale okhala ndi mchere, kenaka tomato mmodzi yekha ndi nsinjiro zodzaza dzanja. Musamusiye pamoto mpaka kuda. Akangofewa, akadali wobiriwira, muphuleni. Ndiwo imeneyi sifuna dontho la mafuta ngakhale limodzi, ndipo ndi nsima ya mgaiwa mwana amagona mimba ili chilili.

M'dzinja momwemo m'mbali mwa msewu mumaima ana ndi amayi atanyamula mbale za bowa. Pali utale wotambalala ngati chipewa, ndelema, chipindi ndi manyame ofiirira aja. Bowa wokazinga ndi anyezi, kapena wotendera, amaiwalitsa nyama. Koma pano ndichenjeze: bowa wina amapha, ndipo amatha kupulula banja lonse pa chakudya chimodzi. Gulani mtundu umene mukuudziwa bwino, kwa anthu amene adakulira m'deralo, ndipo musatume mwana kukazula yekha. Mvula yoyamba imabweretsanso ngumbi. Zokazinga pachiwaya popanda mafuta, n'kuwaza kamchere, n'kuziyanika pang'ono, zimakhala ndiwo ya masiku angapo, ndipo zimamanga thupi ngati nyama imene ambiri sitingaikwanitse mu Januwale.

Ikafika Epulo ndi Meyi, nthawi ya masika, msika umasanduka wina. Maungu aunjikidwa milumilu, mbatata yatuluka, mtedza ndi nzama zaziwisi zili m'mabeseni, nyemba zatsopano zili mbwee. Mukafunsa, amayi ogulitsa amakutchulirani maina ake: nanyati, kayera, kholophethe. Nyemba yatsopano siichedwa kupsa ndipo msuzi wake umagwira wokha. Iyi ndi nyengo imene nsima ingathe kupumako masiku ena madzulo. Futali wa mbatata, wophika mpaka kufewa n'kuthira nsinjiro ndi kamchere, ndi mgonero wokwanira. Mukapeza mbatata yofiira mkati ija, imene alangizi a zaumoyo amalimbikitsa chifukwa cha vitamini A, tengani imeneyo. Maungu owiritsa, chimanga chachiwisi chophika pamodzi ndi mtedza wa m'makoko, ndi kapu ya thobwa pambali, ndani angati wagona ndi njala? Timangoti "sitidadye" chifukwa tidazolowera kuti chakudya ndi nsima basi.

Pa nkhani ya mtedza, mayi wina wogulitsa pamsikapo adandipatsa phunziro ndisadamufunse. Ankasankha mtedza palichero, wina n'kumaponya m'kachitini pambali. Nditafunsa ngati wa m'kachitiniwo ndi wotsika mtengo, adapukusa mutu. "Ayi bambo, uwu ndi wachuku. Ena amasinja womwewu kuti apange nsinjiro poti sizioneka, koma ndi matenda amenewo. Mukafuna nsinjiro zabwino gulani mtedza, musankhe nokha, mukasinje kwanu." Adanena zoona. Chuku cha mtedza ndi chimanga chosauma bwino chimakhala ndi poizoni amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika sikumuchotsa.

Juni ndi Julayi pa Lizulu kumazizira koopsa. Chifunga chimatha kuphimba msewu mmawa, ogulitsa atafunda zitenje ziwiriziwiri, ena atazungulira mbaula. Kabichi amakhala wamkulu ngati mutu wa munthu, nsawawa zili m'makoko, mpiru ndi tchainizi za kudimba zayamba kufika. Usiku wozizira umafuna chakudya chamsuzi. Kachewere wophika pamodzi ndi nsawawa, karoti, anyezi ndi tomato mumphika umodzi amakwanira banja ndi makala ochepa. Tsiku lina phikani chipere: nyemba muziviike, muchotse makoko, muziphike mpaka zisungunuke, n'kuzipota ndi mthiko. Agogo opanda mano ndi mwana woyamba kumene kudya onse amadya mofanana. Ndipo nyemba zilizonse zouma mukaziviika usiku wonse, mawa lake zimapsa msanga, thumba la makala n'kukhalitsa. Miyezi yomweyi, kumunda kukatha kukolola, anyamata amaima m'mbali mwa msewu ndi mbewa zopanika patimitengo. Amene sadya asanyoze, poti kwa ambiri m'chigawo chapakati iyi ndi ndiwo yaulemu wake.

Chilimwe, kuyambira Ogasiti mpaka Novembala, kutchire kumakhala kouma ndipo masamba omera okha kulibe. Apa ndi pamene makolo athu ankamasula chikwatu. Mfutso si chinthu chovuta: masamba a khwanya, chitambe kapena nkhwani amawafutsa pang'ono m'madzi otentha, n'kuwayanika mpaka kuuma, kenaka n'kuwakulunga m'masamba a msuku n'kupachika pamalo pouma. Bowa naye amafutsidwa chimodzimodzi. Mfutso wotendera mu Okutobala umakoma mwina kuposa masamba aawisi, ndipo pa Lizulu ukafunsa amayi achikulire sulephera kuupeza. Nyengo yomweyi tomato wa kudimba amachuluka mpaka mtengo kugwa. Usipa wouma wochokera kunyanja umapezeka pamsika uliwonse. Muutsuke m'madzi ofunda kuti mchenga ndi kuwawa zichoke, muukazinge pang'ono, muthire tomato wambiri, pambali pakhale therere lobala lothira chidulo kapena soda pang'ono. Mgonero umenewo suchititsa manyazi ngakhale kwabwera apongozi.

Mukapitirira pa Mlangeni, pa mphambano ya ku Tsangano ndi pa boma la Ntcheu, msewu umayamba kutsika. Podutsa pa Kampepuza ndi pa Chingeni juzi ija imavulidwa. Pofika ku Manjawira ndi ku Phalula dziko lasintha: kwatentha, milambe yaima ponseponse, ndipo m'mbali mwa msewu muli malambe ndi masawu m'nyengo yake. Ufa wa malambe wosungunula m'madzi n'kuthira m'phala umapatsa ana chilakolako cha kudya. Pa Zalewa, pafupi ndi mlatho wa mtsinje wa Shire, miyezi yozizira kumakhala manachesi ochokera ku Mwanza ndi ku Neno. Chakummwera kuno nandolo ndiye mwini dera. Wamuwisi wophika m'makoko, amene timati makata, ndi chakudya chokhalira pakhonde madzulo, ndipo wouma amalowa m'malo mwa nyemba. Mvula ikayandikira, mango ndi masuku zimadzaza madengu. Ulendo wa tsiku limodzi, koma wadutsa m'minda ya mitundu iwiri yosiyana kotheratu.

Chimene chimandiwawa ndikafika m'tauni n'chakuti zonsezi sizioneka m'mbale zathu. M'nyumba zambiri sabata yonse ndi repu wokazinga, soya pisesi, mazira, mawa lake repu yemweyo. Mafuta ophikira akakwera mtengo timalira ngati kuti ndiwo sizingapse popanda iwo, chikhalirecho amayi athu adatilera ndi nsinjiro ndi chidulo. Ana ena a m'tauni sadziwa kusiyanitsa chisoso ndi bonongwe, ndipo akaona mfutso amati ndi zinyalala. A zaumoyo akhala akutiuza za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zamasamba, zipatso, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama ndi zamafuta. Ena amaganiza kuti zimenezi n'za anthu a ndalama. Koma mbale ya nsima ya mgaiwa, nkhwani wotendera, usipa pang'ono, nyemba zotsala dzulo ndi bango limodzi yakwanitsa kale pafupifupi onsewo.

Mbali inayo ya nkhaniyi ili kwa mlimi. Tomato ndi kabichi zikachuluka pa Lizulu, dzuwa likamapendeka mumaona mayi akugulitsa beseni lonse pamtengo wongoti asabwerere nalo kunyumba. Zina zimaolera pomwepo, kuseri kwa misasa. Mayi ameneyo adagula mbewu, feteleza ndi mankhwala, adathirira ndi kheni mmawa ndi madzulo kwa miyezi itatu. Miyezi ingapo kutsogolo, ife tomwe tikudandaula kuti tomato wakwera mtengo. Banja likagula wambiri nthawi imene watchipa, n'kumudula mapisi, kuwaza mchere ndi kuyanika padzuwa la Okutobala pamalo aukhondo, limadzakhala ndi tomato m'dzinja, ndipo mlimi uja amapita kwawo ndi kangachepe. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, adatero akuluakulu: chimene chachuluka lero ndicho chogula lero.

Kwa amene mungaime pamsikawu, nawa malangizo ochepa amene ndatola m'maulendo anga. Ndowa ya kachewere muziona ndi pansi pomwe, poti wamkulu amakonda kukhala pamwamba. Pemphani kuti akhuthulire m'thumba inu mukuona. Kunyumba musungeni pamdima ndi popita mphepo, chifukwa akakhala padzuwa amabiriwira, ndipo wobiriwirayo si wabwino kudya. Tomato sakanizani wakupsa ndi wosapsetsa kuti akufikitseni sabata ziwiri. Anyezi sankhani wouma khosi. Nyemba zoti musunge muziyanike kaye kuti anankafumbwe asakutsogolereni. Kunenerera mtengo ndi mwambo wa pamsika, koma musafinye munthu mpaka kumulanda thukuta lake.

Si aliyense angafike pa Lizulu, koma msika uliwonse, kaya ndi wa Limbe, wa Mchesi, wa Zomba kapena wa pamphambano ya kwanuko, uli ndi kalendala yakeyake. Sabata ino mukapita kukagula ndiwo, musayambire pa benchi imene mudazolowera. Zungulirani kaye, muone chimene chaunjikidwa kwambiri, mufunse amayi ogulitsawo kuti kwawo amachiphika bwanji. Sadzakubisirani, ndipo mwina adzakuikirani ndi banyira.