Kafukufuku wa Ubongo Amayamba ndi Mwana Wofika Kuchipatala

Ife a chigawo cha zaumoyo mumpingo timamudziwa Dr. Ben Carson, Mu-Adventist mnzathu, amene mu 1997 anatsogolera opaleshoni yolekanitsa mapasa a ku Zambia obadwa ataphatikana mitu. Nkhani imeneyo inalembedwa ndipo inamveka kutali. Koma ntchito yambiri ya madokotala a opaleshoni ya ubongo ndi msana muno mu Africa imathera m'chipinda cha opaleshoni momwemo.

Akatswiri akafuna kuyeza kafukufuku wa dziko, amawerenga nkhani zimene madokotala ake asindikiza m'magazini a zachipatala, n'kuonanso kuti ena azitchula kangati. Pa sikelo imeneyi mayiko osaukafe timapepuka kwambiri. Sikeloyo sinama, koma sinena zonse. Dokotala wosamalira anthu mamiliyoni, m'mawa ali ndi wovulala mutu pa kabaza, masana khanda lodzaza madzi m'mutu, angalembe nthawi yanji? Ndipo magazini ena amalipiritsa madola ochuluka kuti nkhani ituluke.

Kodi zikutikhudza bwanji ife ongonyamula tepi yoyezera ndi kaundula? Taonani za ku Mbale, ku Uganda. Dr. Benjamin Warf, pa chipatala cha ana cha CURE, ankalemba za mwana aliyense wa madzi m'mutu, ndipo anapeza kuti mwa ana ambiri vutoli linayamba ndi matenda amene anagwira ubongo atangobadwa. Anaonanso kuti kapaipi kochotsa madzi, kotchedwa shunt, kakatsekeka mwana ali kumudzi kutali, moyo wake umakhala pachiswe. Choncho anakonza njira yotchedwa ETV/CPC: kuboola kanjira mkati mwa ubongo ndi kuchepetsa madzi opangidwa, popanda paipi. Mu 2005 anasindikiza zotsatira zake, ndipo lero njirayi ikugwiritsidwa ntchito ngakhale ku America. Akanangochita opaleshoni osalemba, nzeruyo ikanatsalira ku Mbale.

Kwathu kuno, pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, kafukufuku wa makina a MRI wofalitsidwa mu 2015 anasonyeza kuti ana ambiri omwalira ndi malungo a mu ubongo amakhala atatupa ubongo kwambiri.

Chotiwawa n'chakuti mwana wa mutu wokula amene wabisidwa m'nyumba, achibale akuti ndi ufiti, salowa m'chiwerengero cha munthu aliyense. Boma silimuona, ofufuza samuona. N'chifukwa chake poyendera mabanja timayang'ana liwombo lotukumuka, maso oyang'ana pansi, ndi mutu wokula mofulumira kuposa thupi. Timapemphera ndi mayiyo, kenako timamuperekeza kuchipatala. Opaleshoni ikachitika timakumbutsa banjalo tsiku lobwererako, ngakhale mwana akuoneka bwino, chifukwa dokotala sangadziwe ngati njira yake yathandiza pokhapokha atamuonanso mwanayo patapita miyezi.