Chigamba chosasoka sichitseka chibowo

Ntchito yanga ndi yosamalira maseva oyendera Linux, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyi ndi kuika zigamba pa kernel. Kernel ndiyo imagawira mapulogalamu memory, ndiyonso imaletsa munthu wamba kukhudza mafayilo a root, mwini mphamvu zonse pa makinawo. Ikabooka, maloko ena onse amasanduka chabe zokongoletsa. Chimene ndimaumirira n'chakuti chibowo sichitsekeka tsiku limene akatswiri alemba chigamba. Chimatsekeka makina akazimitsidwa n'kuyatsidwanso ndi kernel yatsopano, ndipo apa m'pamene ambiri a ife timazengereza.

Taonani nkhani ya Dirty COW. Phil Oester adaitulukira mu 2016 atapeza kuti akuba aigwiritsa kale ntchito pa seva yake, koma cholakwikacho chidakhala mu kernel kwa zaka zambiri. Mwalamulo, pulogalamu ikafuna kusintha zomwe yatenga mu fayilo yoti iziwerenga chabe, kernel imaipatsa kope yakeyake kuti fayilo yeniyeni isakhudzidwe. Wakuba ankathamangitsa zinthu ziwiri nthawi imodzi, china chikulemba, china chikuuza kernel kuti itaye kopeyo, mobwerezabwereza, mpaka zolembazo zitagwera pa fayilo yeniyeni ngati /etc/passwd. Akatero, wasanduka root. Linus Torvalds adavomereza kuti adayesapo kukonza vutoli zaka 11 m'mbuyomo, koma zomwe adakonzazo zidachotsedwa chifukwa zidasokoneza makina a s390 a IBM. Chigamba cha mu Okutobala 2016 chinali cha mizere yowerengeka, komabe mu 2017 pulogalamu yoipa yotchedwa ZNIU inkalowerabe pa chibowo chomwecho m'mafoni a Android omwe sadachilandire. Ku Windows nakonso zidatero. Microsoft idatulutsa chigamba mu Malichi 2017, ndipo mu Meyi pulogalamu yoipa yotchedwa WannaCry idagwetsa makompyuta osasokedwa, ngakhale m'zipatala za NHS ku England.

Anzanga ena amati kuzimitsa seva kumaimitsa ntchito, ndipo chigamba nachonso chikhoza kuononga zina. Sindikutsutsa, pakuti nkhani ya s390 ija ikuchitira umboni, ndiponso zigamba za chibowo cha Meltdown za mu 2018 zidachedwetsadi ntchito zina. Koma vuto la chigamba ndi vuto la wakuba sizilemera mofanana. Chigamba ndimayamba ndachiyesa pa makina oyeserera, ndimasankha ndekha ola lozimitsira, ndipo kernel yakale ndimaisiya pa mndandanda wa GRUB kuti ikavuta yatsopanoyo ndibwerere. Wakuba akalowa, ola wasankha ndi iye, ndipo makina amene wakhalapo root sindingawakhulupirirenso mpaka nditawafufuta n'kuyambiranso. Pali njira zosokera kernel ili mkati mogwira ntchito, monga Ksplice ndi kpatch. Ndimaziyamikira, koma si chigamba chilichonse chimaloleka motero, choncho zimangotalikitsa tsiku lozimitsa.

Ena amati tizisankha zigamba za mabowo oopsa okha, zinazo tizisiye. Maganizowa amamveka anzeru, koma amafuna kuti tidziwiretu chibowo choopsa, chinthu chomwe ngakhale olemba kernel sachitha nthawi zonse. Chibowo cha Dirty Pipe chidayamba ngati dandaulo la kasitomala loti mafayilo ake akuwonongeka, ndipo Max Kellermann adafufuza miyezi ingapo asanazindikire mu 2022 kuti ndi khomo lolowera. Cholakwika chooneka chaching'ono lero chimapezeka mawa kuti ndi njira ya akuba. N'chifukwa chake Greg Kroah-Hartman, amene amayang'anira ma kernel okhazikika, amalangiza kutenga zokonza zonse pamodzi, ndipo ine ndili kumbali yake.

Inu amene mumasamalira makina, musakhutire ndi uthenga woti update yatheka. Lembani uname -r lero lomwe, muyerekeze nambala yotulukayo ndi ya kernel yomwe mudaika. Zikasiyana, makina anu akadali pa kernel yobooka, ndiye uzani eni ake tsiku ndi ola lomwe muzimitse.